Dzino lomangirira m'fupa: zimene ndinaphunzira alamu anga atagwa pa njinga ku Bembeke

Alamu anga, mlongo wawo wa mayi a kunyumba, amayendetsa kabaza wa njinga yamoto pakati pa Bembeke ndi pa boma ku Dedza. Mu June chaka chatha, m'mawa wa nkhungu ija yoti ngakhale mbuzi ili pamsewu suiona, anagwa. Mkono ndi mwendo zinapulumuka, koma podzuka analavula mano awiri akutsogolo, akumwamba. Limodzi analitola, n'kulikulunga m'kapepala, n'kuliponya m'thumba la jekete. Linalo linatsala m'fumbi. Milomo inapola isanathe milungu itatu, koma kuseka kwawo sikunabwerere. Munthu amene ankati akaseka a kutsidya kwa msewu n'kucheuka, tsopano chiseko chikamabwera dzanja limathamangira kukamwa. Ngakhale potchula mtengo kwa kasitomala mawu ankathawira pa gwerupo, mpaka anyamata anzawo a pa siteji anayamba kuwayeserera.

Tsiku lina madzulo anafika kwathu foni ili m'manja. "Alamu, taonani izi za pa Facebook. Akuti amakudzala dzino m'fupa ngati mbewu, ndiye silichokanso. N'zoona zimenezi, kapena n'zongofuna kutidyera ndalama?"

N'zoona. Chinthucho madokotala amachitcha implant, ndipo anthu mamiliyoni padziko lapansi akutafunira chimenecho. Koma chithunzi cha pa foni chimangoonetsa mano oyera mbee a tsiku lomaliza. Nkhani yeniyeni ili pansi pa nkhama, m'fupa, ndipo ndi imeneyo ndikufuna tiimvetse, chifukwa ikukhudza ngakhale ife amene mwina sitidzaigula implant moyo wathu wonse.

Dzino limene timaliona pagalasi ndi mutu chabe. Mbali yaikulu ndi muzu, umene unalowa m'fupa la nsagwada. Mano akutsogolo ali ndi muzu umodzi, akuluakulu akumbuyo a m'munsi amakhala ndi iwiri, akumwamba itatu. Muzuwo sunamatiridwe kufupa ngati njerwa pa simenti ayi. Umagwiridwa ndi timitsitsi tating'ono zedi tozungulira muzu wonse, ndipo ukaluma chimanga chootcha timitsitsi timeneti timakoka fupa pang'ono. Kukokako n'kumene kumauza thupi kuti fupa ili lili pantchito, lipitirize kudyetsedwa. Dzino likachoka, uthenga uja umatha, ndipo thupi limayamba kusungunula fupa la pamalopo. Mlimi wa mbatatesi ku Lizulu amadziwa chimene chimachitikira mzere wosabandira mvula ikamagwa: umaphwa pang'onopang'ono mpaka kufanana ndi khwawa. Fupa limateronso. Miyezi yoyambirira ndiyo limathamanga kwambiri, ndipo pomatha chaka kunenepa kwake pamalopo kumatha kuchepa mpaka pafupifupi theka. N'chifukwa chake agogo amene mano anatha kale milomo imalowa m'kati, chibwano n'kuyandikira mphuno. Mano oyandikana ndi mpatawo nawo sakhala phee. Amapendekera komweko, ndipo dzino loyang'anizana nalo, posowa loligunda, limayamba kutalika.

Implant ndi muzu wopanga. Ndi kachitsulo ka mazinga ngati kabawuti, kawirikawiri kotalika mamilimita 8 mpaka 14, konenepa mamilimita 3 mpaka 5, kamene amakamangirira m'fupa pamene panali muzu. Pamwamba pake amamangapo kolumikizira, kamene kamatulukira pa nkhama, ndiye pa kolumikizirako n'pamene amavekapo dzino looneka lija, lotchedwa crown, loumbidwa molingana ndi mtundu ndi msinkhu wa mano ena a mwiniwake. Zidutswa zitatu, ndipo chimene chimapanga zonse n'cham'fupacho.

Funso la alamu linali lomwe aliyense angafunse: thupi limakana ngakhale kaminga, likatupa n'kutulutsa mafinya, nanga chitsulo chonse lingachilandire bwanji? Yankho lili pa mtundu wa chitsulocho, titanium. Dokotala wina wa ku Sweden, Per-Ingvar Brånemark, m'chaka cha 1952 ankafufuza za kayendedwe ka magazi m'mafupa. Anaika tizipangizo ta titanium m'mafupa a miyendo ya akalulu, ndipo pofuna kutichotsa anapeza kuti takanirira, fupa lamera n'kugwirana ndi chitsulo. Mukaona mtengo wa bulugamu umene anaukhomera waya wa mpanda zaka zapitazo, khungwa litameza wayayo moti sungamuchotse popanda kudula mtengo, mwaona chithunzi chake. Brånemark anatha zaka zoposa khumi akuyesa asanakhudze munthu. Mu 1965, mumzinda wa Gothenburg, anaika ma implant m'nsagwada za bambo wina dzina lake Gösta Larsson, ndipo bamboyo anamwalira mu 2006 zitsulozo zikugwirabe ntchito, patatha zaka zoposa 40. Madokotala a mano a maiko ena anachedwa kukhulupirira, mpaka pa msonkhano wa ku Toronto mu 1982 pamene zotsatira zake zinaonetsedwa poyera. Kuyambira pamenepo njirayi inafala.

Ntchito yake siyamba ndi kubowola. Dokotala amayamba wayang'ana m'kamwa monse, chifukwa kudzala chitsulo pakati pa mano obooka ndi nkhama zotuluka magazi n'kumanga nyumba padambo. Kenako ekisire, ndipo makamaka sikani imene imaonetsa fupa mbali zonse, kuti aone kutalika ndi kunenepa kwake. Pali zinthu ziwiri zimene amaziopa. M'nsagwada ya m'munsi mumadutsa mtsempha umene umapereka mphamvu ya kumva ku mlomo wa m'munsi ndi chibwano, ndipo chitsulo chikaugunda munthu amatha kukhala ndi dzanzi pamlomo miyezi yambiri, ena moyo wonse. Kumwamba, pamwamba pa mano akumbuyo, kuli mphako ya mpweya yolumikizana ndi mphuno, ndipo fupa lolekanitsa mphakoyo ndi m'kamwa nthawi zina limakhala lopyapyala kwambiri. Munthu amene akukuuzani kuti akuikani implant lero lomwe asanajambule chilichonse, mutsanzikeni.

Fupa likapezeka lokwanira, amabaya jakisoni wa dzanzi, yemweyo wa pozula dzino, munthu ali maso. Amang'amba nkhama pang'ono, n'kubowola fupa ndi tizibowolero tosinthasintha, kuyambira kakang'ono mpaka kofanana ndi implant. Pobowolapo amathira madzi a mchere ozizira mosalekeza. Ichi chinandidabwitsa nditachimva: fupa likatentha kupitirira madigiri 47 kwa mphindi imodzi yokha limafa, ndipo fupa lakufa silingagwire chitsulo. Akatero amamanga kabawuti kaja, n'kusoka. Implant imodzi imatenga ola limodzi kapena kuchepera. Kutupa ndi kuwawa kwa masiku angapo kumakhalapo, ambiri amati n'kofanana ndi kwa pozula dzino, ndipo ulusi amachotsa pakatha sabata kapena masiku khumi.

Ndiye kudikira. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Fupa limafuna miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi kuti ligwirane ndi chitsulo, la m'munsi limafulumirako chifukwa ndi lolimba, lakumwamba limachedwa. Nthawi imeneyi chitsulocho sichifuna kugwedezedwa, monga mzati umene mwangouthira konkire. Munthu amatha kuvala dzino loikirira la kanthawi kuti asayende ndi mpata. Pali nthawi zina pamene dokotala amaika implant tsiku lomwe wazula dzino, ngakhale kuvekapo dzino la kanthawi pompo, koma zimatheka pokhapokha fupa lili lambiri ndiponso palibe matenda. Fupa likagwira, amatenga muyezo wa m'kamwa, dzino lija n'kukaumbidwa, n'kudzalimanga.

Nanga fupa likakhala kuti linaphwa kale, monga zimakhalira ndi ambiri a ife amene tinazulitsa dzino zaka khumi zapitazo? Amatha kuonjezera. Amatenga kafupa pamalo ena m'kamwa mwa munthu yemweyo, kapena kugwiritsa ntchito ufa wa fupa wokonzedwa kufakitale, wina wochokera ku mafupa a ng'ombe, n'kuuika pamalopo kuti thupi limangirepo fupa latsopano. Zimatheka ndithu, koma ndi opaleshoni ina, miyezi ina yodikira, ndalama zinanso. Apa m'pamene ndinaona kuti tsiku limene munthu amataya dzino ndi tsiku limene mtengo wolibwezeretsa umayamba kukwera.

Si aliyense angaikidwe implant. Mwana kapena wachinyamata amene nsagwada zikukulabe ayenera kudikira, kawirikawiri mpaka atapitirira zaka 18, chifukwa chitsulo chimakhala pamene anachiika pomwe mano enawo akusuntha ndi kukula kwa nkhope. Wodwala shuga amene shuga wake sakutsika mabala ake sapola bwino, choncho ayambe wakonza zimenezo. Amene anawotchedwapo khansa ya kumutu kapena m'khosi ndi makina, ndi amene akulandira mankhwala ena olimbitsa mafupa, ayenera kumuuza dokotala asanagone pampando. Funso limene anthu amanong'ona ndi la kachilombo ka HIV. Munthu amene akumwa ma ARV mokhulupirika, chitetezo chake chili bwino, amatha kuikidwa implant ngati wina aliyense. Ukalamba pawokha suletsa. Chimene chimaononga kwambiri ndi fodya. Utsi umachepetsa magazi ofika ku nkhama, bala limachedwa kupola, ndipo ma implant a anthu osuta amalephera kawirikawiri kuposa a osasuta. Nditawauza alamu zimenezi anayang'ana pansi, chifukwa ndudu ya m'mawa pa siteji, m'chisanu cha ku Dedza, amati ndiyo jekete lawo lachiwiri.

Ikaikidwa bwino n'kusamalidwa, implant imakhalitsa. Mwa ma implant 100, oposa 90 amakhala akugwirabe ntchito pakatha zaka khumi. Dzino lapamwambalo limatha kutha kapena kubenthuka n'kufuna kusinthidwa, kabawuti kolumikizira kamathanso kumasuka, koma zimenezi zimakonzeka. Choopsa ndi matenda a nkhama. Chitsulo sichibooka ngati dzino, n'zoona, ndipo anthu ena akamva zimenezi amaganiza kuti mswachi wapuma. Litsiro likaunjikana pamene chitsulo chatulukira, nkhama zimatupa, zimatuluka magazi, kenako fupa lozungulira limayamba kudyeka mwakachetechete. Popeza implant ilibe mtsempha wa ululu ngati dzino, munthu sazindikira msanga. Pamene yayamba kugwedera, nthawi zambiri yatha kale. Walira mvula walira matope: wofuna implant avomere kutsuka m'kamwa kawiri patsiku, kuchotsa zotsalira m'mipata, ndi kukaonedwa ndi dokotala kamodzi kapena kawiri pachaka moyo wake wonse. Ndipo popeza timitsitsi tija palibe, implant siimva kuti waluma mwala mu mpunga. Kutsegulira botolo la Fanta ndi mano, kapena kusenda nzimbe ndi dzino lakutsogolo, ziiwalike.

Tsopano tibwere kwathu kuno. Pa zipatala za maboma, amene amathandiza odwala mano kwambiri ndi ma dental therapist, ophunzitsidwa ku Malawi College of Health Sciences ku Lilongwe. Amagwira ntchito yaikulu ndi zipangizo zochepa, ndipo ambiri a ife timawafikira dzino litaola kale, tsaya litatupa, titayesa mchere, adyo ndi Panado sabata yathunthu, n'kungoti, "Adokotala, ingozulani ndipume." Dziko lino linakhala zaka zambiri lopanda sukulu yophunzitsa madokotala a mano. Cha m'ma 2018 m'dziko lonse la anthu oposa 17 miliyoni munali madokotala a mano osakwana 50, ophunzira kunja, ndipo ambiri ali m'mizinda. Mu 2019 College of Medicine, imene tsopano ili mu Kamuzu University of Health Sciences, inatsegula maphunziro a udokotala wa mano mothandizana ndi University of Glasgow ya ku Scotland kudzera m'ntchito yotchedwa MalDent, ndipo mu 2022 boma linakhazikitsa ndondomeko yake yoyamba ya umoyo wa m'kamwa. Ndi zinthu zondisangalatsa kwambiri, koma zipatso zake zifika ku Mayani ndi ku Tsangano pang'onopang'ono.

Implant si chithandizo chimene mungachipeze pa chipatala cha boma laling'ono. Munthu wa ku Dedza kapena ku Ntcheu ayenera kukwera basi ya pa M1 kupita ku zipatala zolipira za ku Lilongwe kapena ku Blantyre, ndipo ena opeza bwino amakachitira ku South Africa kapena ku India. Zitsulo zake ndi zida zake zonse n'zochokera kunja, zogula ndi ndalama zakunja, choncho Kwacha ikagwa mtengo umakwera. Ulendonso si umodzi: kukaonedwa, kukajambulidwa, opaleshoni, kukachotsa ulusi, kukatenga muyezo, kukaveka dzino, kukaonedwanso. Kwa wa kabaza tsiku lililonse la ulendo ndi tsiku limene njinga yagona.

Amene watsimikiza mtima afunse mafunso asanatulutse ndalama, ndipo asachite manyazi. Dokotalayo akhale wolembetsedwa ku Medical Council of Malawi. Mtengo aulembe papepala, ndipo papepalapo paoneke ngati ukuphatikiza sikani, kuonjezera fupa, kolumikizira ndi dzino lapamwamba, chifukwa mtengo wokopa umene umalengezedwa nthawi zina umakhala wa kabawuti kokha. Afunse kuti ikalephera kugwira zidzatha bwanji. Ndipo atenge kapepala kolemba dzina la kampani yopanga implant imeneyo ndi saizi yake, akasunge pamodzi ndi buku la kuchipatala. Makampani ndi ambiri, ena odziwika ngati Straumann ndi Nobel Biocare, ndipo zida za kampani ina sizilowa pa chitsulo cha kampani ina, monga momwe sipeya ya Lifo sikwanira pa njinga ya mtundu wina. Izi n'zofunika kwambiri kwa okachitira kunja. Kabawuti kakadzamasuka muli ku Ntcheu patatha zaka zisanu, dokotala wa kuno adzafuna kudziwa chimene chili m'fupa mwanu.

Ndisasiye anthu akuganiza kuti wopanda ndalama za implant ndiye basi wathera pomwepo. Njira zina zilipo. Ina ndi bridge: amasema mano awiri oyandikana ndi mpata, n'kuvekapo mano atatu ogwirizana, lapakatilo n'kutseka mpatawo. Imakhala yosachotsa, ntchito yoiika imatha msanga, koma yaononga mano awiri amene mwina anali abwinobwino, ndipo fupa la pansi limapitiriza kuphwa. Inayo ndi mano oikirira ovula, amene ndiwo otsika mtengo kuposa zonse. Amayi aakulu a ku Lizulu avala oterowo zaka zambiri. Usiku amawatsuka n'kuwaika m'kapu ya madzi pawindo. Akumwamba amagwira bwino chifukwa amamatirira kumwamba kwa m'kamwa, koma a m'munsi amawavutitsa, amayandama, moti pa ukwati nyama ikabwera ndimawaona akuidula tizidutswa ndi zala, mwinanso kungokhuta msuzi. Mano oikirira amafuna kukonzedwanso pakapita zaka chifukwa nkhama zimasintha. Kwa anthu ngati iwowa, ma implant awiri okha m'nsagwada ya m'munsi amatha kugwira mano oikirira onse kuti asayandame, amatseka ngati batani. Palinso njira yomangirira mano a nsagwada yonse pa ma implant anayi kapena asanu ndi limodzi. Sikuti dzino lililonse lotayika limafuna chitsulo chakechake.

Koma chimene chinandikhudza kwambiri m'nkhani yonseyi ndi kadzino kaja ka m'thumba la jekete. Alamu anakafika nako kuchipatala tsiku lachitatu, kutupa kutachepa, n'kukatulutsa m'kapepala kali gwaa. Amene anawathandiza anakatembenuza, n'kuona kuti muzu wake unali wathunthu, wosathyoka. Anapukusa mutu n'kunena kuti, "Bambo, mukanabwera nalo nthawi yomweyo lili mu mkaka, tikanayesa kulibwezera."

Ine sindinkadziwa kuti zimatheka, ndipo ndikhulupirira kuti pa siteji ya Bembeke panalibe ankadziwa. Dzino la munthu wamkulu likazuka lathunthu pangozi, timitsitsi tija timakhala tikadali ndi moyo pa muzu kwa kanthawi kochepa. Ligwireni kumutu, osati ku muzu. Ngati lada, litsukuluzeni pang'ono ndi mkaka kapena madzi oyera kwa kamphindi, osalipala, osalipukuta ndi nsalu, osalithira sopo. Ngati munthuyo ali bwino ndipo angapirire, libwezereni m'dzenje lake n'kuluma kansalu koyera. Zikakanika, liikeni mu mkaka, ngakhale wa m'kapaketi wa pa golosale, kapena m'malovu a mwiniwake, osati m'madzi wamba kapena m'pepala. Ndiye thamangani kuchipatala lisanathe ola, chifukwa likauma kwa ola limodzi timitsitsi tija timafa. Dokotala amalimangirira ku mano oyandikana kwa milungu iwiri kapena kupitirira pang'ono, kenako n'kudzalikonza m'kati mwa muzu. Mano a mkaka a ana aang'ono okha ndiwo sabwezeredwa, chifukwa angaononge dzino lokhalitsa limene likukula pansi. M'dera lathu lino, pamene njinga zamoto zachuluka ndipo ambiri amakwera opanda chipewa chotchinga kukamwa, ndikanakonda mawu amenewa akanamveka pa siteji iliyonse kuyambira pa Chimbiya mpaka pa Kampepuza.

Chimodzimodzi dzino lobooka. Likayamba kunyerenyetsa ndi madzi ozizira a m'mawa, nthawi zambiri limatheka kumata. Likafika popweteka usiku, pali njira yotsuka m'kati mwa muzu n'kulisunga, ngakhale kuti siipezeka paliponse. Tisanati "ingozulani", tiyambe tafunsa ngati lingapulumuke, popeza palibe chitsulo chimene chimaposa muzu umene munthu anabadwa nawo, ndipo madokotala oika ma implant enieniwo amanena zomwezo.

Alamu anapita ku Lilongwe mu September. Anakajambulitsa, ndipo anawauza kuti fupa lakutsogolo layamba kale kupyapyala, moti tsiku lina akadzafuna implant padzafunika kuonjezera. Ndalama zimene anali nazo zinakwanira mano awiri oikirira. Masiku oyamba ankadandaula kuti akumva ngati ali ndi supuni m'kamwa, ndipo nsima inkamatirira kumwamba. Pano anazolowera. Ndudu achepetsa, sanasiyiretu, ndipo mlongo wawo sawapatsa mpata pa nkhaniyo. Analowa banki m'khonde, akuti gawo lina akusungira fupa lija. Sabata yatha ananditenga pa boma kupita ku Bembeke, atavala chipewa chotchinga mpaka kuchibwano, ndipo pa siteji mnyamata wina atawaputa ndinawamva akuseka mpaka azimayi ogulitsa kabichi kutsidya kwa msewu anacheuka.